A Tembo apinda kasikuluwu ka thirakitala ya bambo

Moni nonse a m'banja lathu.

Thirakitala imene anatisiyira malemu bambo yafanso, ndipo ulendo uno chaipha si ukalamba ayi.

Mukudziwa kuti injini inkazima munthu akangosiya kuponda mafuta. Dzulo ndinatha m'mawa wonse pa kabureta. Pamenepo pali kasikuluwu kosakaniza mpweya ndi petulo, ndipo sikamangidwa kothina. Ndinakapotokola pang'onopang'ono, khutu lili pa injini, kufikira inayamba kulira mosadukiza.

Lero, ine ndili ku chipatala pa Boma, alamu athu a Tembo anabwera kudzaitenga kuti akalime munda wathu wa ku Luwawa. Ataona kasikuluwu kaja kali kosathina, anakamanga ndi pulayazi mpaka kumapeto.

Nditawafunsa chifukwa chake, anayankha akumwetulira: "Mbwenu alamu, munaiwala kumanga. Kakanagwera mumsewu. Mundithokoze chomene."

Ndakamasula. Nsonga yake, imene inali yosongoka ngati singano, yapindika ngati mbedza. Kameneka kakhala mu injiniyi kuyambira ndili mnyamata, ndipo bambo sankalola munthu wina aliyense kukakhudza. Ndazungulira masitolo a pa Boma kufunafuna kena, koma ogulitsa akungondiseka.

Mvula yagwa kawiri, munda sunalimidwe, ndipo mbewu ili m'nyumba.

Ndikufuna maganizo anu. Kodi makiyi apitirize kukhala pa msomali wa pakhonde, pamene aliyense amangowatenga, kapena ndiziwasunga ine? A Tembo, muli pa gulu lino. Muyambe ndinu kuyankha.