Masiku Atatu a Ulendo wa ku Thyolo

Nsapato zimene ndinavala tsiku limenelo zinali zansalu, zoyera, ndipo sizinali zanga. Zinali za msuweni wanga, zazikulu moti ndinaikamo mapepala kutsogolo kuti zisavuke. Kunkawomba mwera m'mawa umenewo. Fumbi linkazungulira pabwalo la sukulu, masamba a migwalangwa akukhulana, lole ikulira poyembekeza ife. Ndimakumbukanso belu la njinga likulira kawiri kuseri kwa ofesi.

Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Ine ndi mayi tinalowa m'Malawi kudzera ku Chiponde titayenda m'tchire masiku ambiri. Bambo anatsala m'njira, ndipo sitinawaike m'manda. Mayi anakhala kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi malire, ine n'kunditumiza ku Mangochi kwa amalume, amene tinkawaitana kuti amjomba, kuti ndiphunzire. Amjomba anali telala pakhonde la sitolo. Chaka chimenecho mayi ankatsokomola kwambiri. Nditapita kukawauza kuti aphunzitsi akonza ulendo wa masiku atatu wokaona Zomba, Blantyre ndi minda ya tiyi, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ukaone zonse, udzandiuze."

Wanjingayo ndinamuzindikira. Anali bambo wa nyumba yoyandikana ndi ya mayi kumsasa. Anaima kuseri kwa ofesi ndi amjomba ndi aphunzitsi, mitu itagundana. Ndinafuna kukamupatsa moni, koma amjomba anabwera mofulumira.

"Kwera, iwe, lole ikusiya."

"Amjomba, mayi ali bwanji?"

"Tidzakamba ukabwera."

Mayi anali atamwalira dzulo lake. Ife Asilamu sitichedwetsa maliro, choncho ankaikidwa tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero lathu la masana. Magalimoto opita ku Namwera analipo, amjomba anakwera imodzi. Ndikanafika. Akuluakulu atatu aja anagwirizana kuti ndipite ku Thyolo, ndipo ine ndinakwera lole osadziwa kanthu.

Aphunzitsi athu anali Mkhristu wochokera ku Dedza, munthu wosaseka, wokonda ndodo. Tsiku limenelo anandiitana kuti ndikhale kutsogolo, pakati pa iwo ndi dalaivala. Anzanga kumbuyo anakuwa.

"Taonani, wothawa nkhondo wasanduka bwana!"

"Wawahonga ndi nandolo wa kumsasa!"

Ndinanyada. Ndinaganiza kuti aphunzitsi aona kuti ndimakhoza masamu.

Tinafika ku Zomba dzuwa lili pamutu. Tinaona phiri, tinaona nyumba zakale za boma, ndipo ndinalemba zonse mu kope. Pamsika aphunzitsi anandigulira banzi ndi chakumwa cha m'botolo, ine ndekha. Ndili mkati modya, azana yoitanira anthu ku swala inamveka kuchokera kumzikiti. Aphunzitsi anayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali.

"Pita ukaswali. Tikudikira."

Anali asananenepo zotere kwa mwana aliyense. Lole yonse inandiyembekeza. Ndinatawaza manja, nkhope ndi mapazi, ndinaswali mothamanga, maganizo ali pa theka la banzi limene ndinasiya pampando. Lero ndikawerengera bwino, imeneyo ndiyo nthawi imene anthu ankanyamula jeneza, chithatha cha maliro a mayi. Ndayesa kwa zaka zambiri kukumbuka ngati ndinamva china chilichonse mumtima. Sindinamve kanthu. Mkeka wa mumzikitimo unali wozizira, basi.

Ku Blantyre anationetsa tchalitchi chakale cha njerwa zofiira, ndipo tinagona m'kalasi pasukulu ina. Tsiku lachiwiri tinapita ku Limbe, kukachisi wa amwenye. Pakhomo anatiuza kuti tivule nsapato. Kwa ine sichinali chachilendo, koma povula, mapepala aja anagwa pansi, onyowa ndi thukuta. Anzanga anaseka. Ndinayembekeza kuti aphunzitsi andikalipira chifukwa chodetsa malo a eni. M'malo mwake anawerama, munthu wamkulu uja, n'kutola mapepalawo n'kuwaika m'thumba la jekete lawo. Palibe anasekanso. M'katimo munkanunkhira lubani. Munali mafano opakidwa utoto, ena a manja ambiri, ndi kabelu kamene nkhalamba ina inkaliza. Inatipatsa maswiti oyera. Langa ndinasunga.

Ku Thyolo tinapeza chiperoni. Ndinali ndisanamvepo kuzizira kotero. Tiyi anali wobiriwira kuchokera pamsewu mpaka kumene nkhungu inayambira, wosalala pamwamba ngati wometedwa. Amayi a madengu kumsana ankathyola ndi manja onse awiri osayang'ana. Kapitawo anationetsa kuti amathyola masamba awiri ndi kansonga. Aphunzitsi anatiuza kuti kutali m'nyanja yamchere kuli chilumba chimene mapiri ake onse ndi a tiyi, ndi makachisi ngati uja tinaona. Zimenezonso ndinalemba. Mayi mmodzi wothyola anamva kalankhulidwe kanga n'kundifunsa kwathu. Nditamuuza, anati nayenso anachokera tsidya lomwelo. "Amako alipo?" Ndinati alipo, ali ku Chiponde. Aphunzitsi anali pambali panga. Anatembenuka n'kuyamba kuwerenga ana, ngakhale anali atangowawerenga kumene.

Tinabwerera ku Mangochi tsiku lachitatu masana. Amjomba anali pabwalo, atavala mkanjo. Ananditengera pansi pa mtengo n'kundiuza. Sindinalire. Ndinafunsa ngati ndingakamwe madzi, ndipo ndinamwa ambiri.

M'mawa mwake tinapita ku Chiponde. Manda anali mulu wa dothi louma kale, mwala kumutu, mwala kumiyendo. Mwana wamwamuna amayenera kuponya dothi katatu m'manda a mayi ake. Langa anaponya munthu wina, sindikudziwa ndani. Ndinaima pamenepo kope lili m'manja, ndipo ndinafunsa amjomba chifukwa chake.

"Waona mitembo yokwanira, mwanawe. Tinati uoneko zina."

Ndinakhalabe kwawo, ndinkadya, ndinkapita kusukulu ndi kumadrasa, ndinkawapatsa moni mwaulemu. Koma kwa zaka zambiri sindinawauze chilichonse cha mumtima, ndipo iwo sanandikakamize. Aphunzitsi anasamutsidwa chaka chotsatira. Potsanzikana anandigwira phewa, ine ndinayang'ana pansi.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi anali kusukulu yogonera, ali pakati pa mayeso. Achibale anati ndimusiye amalize. Ndinakana. Ndinapempha Shehe kuti tidikire mpaka swala ya madzulo, ndipo ndinapita ndekha kukamutenga. Sindikunena izi podzitama. Nditamuona akubwera kuchokera m'kalasi, akumwetulira poona bambo ake, ndinalephera kumuuza. Ndinamufunsa za mayeso. Ndinamufunsa ngati wadya. Tinayenda mpaka pamsewu ndisanamuuze, ndipo ndikanakhala ndi lole yomukwezamo kuti apite kutali akaone tiyi, sindikudziwa chimene ndikanachita.

Ndimakhulupirirabe kuti amjomba ndi aphunzitsi analakwa. Dothi lija linali langa. Koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sakanadziwa kuti amjomba nawonso ankakaika mlongo wawo yekhayo, kapena kuti aphunzitsi anasenza maliro a munthu wosamudziwa masiku atatu ali chete, opanda wowathandiza. Amjomba anamwalira kale. Aphunzitsi sindinamvenso za iwo. Ndinawakhululukira onse awiri.