Chikhatho cha Shehata pa Chitsulo

Shehata sankatha kudutsa chitsulo osachiyang'ana. Geti la mzikiti, pholo la magetsi, ngolo ya wogulitsa nyemba pakona, zonse ankaziimirira, n'kupendeketsa mutu, n'kuzipatsa giredi. Anthu a m'dera lake ku Suez anazolowera. Amene sanazolowere ndi mkazi wake Zeinat, makamaka tsiku limene anakwecha mphika mpaka mkono kuwawa, mwamunayo n'kupita nawo pawindo, n'kuutembenuza, n'kunena kuti wangofika giredi yachiwiri basi.

"Ndiye lero mudya giredi yanuyo, bambo a Sameh," anatero Zeinat, n'kuubweza mphikawo pashelefu.

Ntchito yake inali yotsuka sitima zapamadzi ndi mchenga. Sitima ikakwezedwa kumtunda, Shehata ankavala chisoti chokhala ndi kagalasi kutsogolo, n'kugwira payipi yolavula mchenga wakuda ndi mphepo yamphamvu, dzimbiri ndi penti yakale n'kumasendeka. Payipi angaigwire aliyense wa mapewa olimba. Iye ankaigwira ngakhale chala chake cholozera chinali chachifupi, nsonga yake inatsalira pachitseko cha sitima kalekale. Luso lenileni lili podziwa polekera.

Polekerapo pali m'kabuku ka zithunzi kamene injiniya amayenda nako, n'kumakayerekeza ndi chitsulo. Giredi yoyamba n'kusukusula chabe: zoyoyoka zachoka, zokakamira zatsala. Yachiwiri, zambiri zachoka, koma chitsulo chikadali ndi mathothomathotho akuda. Yachitatu ndi chitsulo choyera mbee, chopanda banga paliponse. Ndiye pakati pa ziwiri zomalizazi pali imene eni sitima ambiri amafuna, ya ziwiri ndi theka, pamene zonse zachoka, kwangotsala timithunzi ndi timizere totuwa.

Theka limenelo linamusowetsa mtendere Shehata kuyambira tsiku limene analimva. Theka la chiyani? Ndani anagamula kuti kamthunzi aka n'kosalakwa, koma kenako n'koopsa? Akapitawo ankangomuuza kuti buku latero. Iye sanakhutire. Anayamba kutola zidutswa zachitsulo, china kuchitsuka giredi iyi, china giredi ina, n'kupempha mnzake Girgis, wopaka penti, kuti azipake. Ankazikweza padenga la nyumba, pamene Zeinat amayanika zovala, kuti mphepo ya kunyanja izizunze, iye n'kumaona kuti chiyambe kutupa matuza ndi chiti. Zeinat anapunthwa nazo zaka ndi zaka, ndipo mawu amene ankanena sitingawalembe pano.

Padengapo m'pamene anatsimikiza lamulo limene ankalikonda kuposa onse: chitsulo chotsukidwa sachigwira ndi dzanja losavala. Thukuta lili ndi mchere, ndipo mchere umaitana dzimbiri, ngakhale penti itabwera pamwamba. Obwera kumene pantchito ankalimva lamuloli ndi khofi wapadzanja, mawu pambuyo.

Vuto linabwera mwakachetechete. Poyamba anaganiza kuti kagalasi ka chisoti kakalika, n'kusintha. Kenako anaona kuti akavula chisoti, chifunga chija chikutsala. Kutuwa kwa mthunzi ndi kutuwa kwa chitsulo choyera kunayamba kusakanikirana. Anachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu. Pabwalo lokonzera sitimalo, amene maso amutaya amamuchotsa papayipi n'kumuika kothira mchenga m'thanki, ntchito ya anthu ongoyamba kumene. Sanauze munthu, ngakhale Zeinat. Anangoyamba kutsuka chilichonse mpaka giredi yachitatu, kuti asalakwitse.

Woyamba kudandaula anali Girgis, chifukwa chitsulo chotsukidwa sichichedwa kuchita dzimbiri ndi mphepo ya kunyanja, ndipo wopaka penti ayenera kutsatira tsiku lomwelo.

"Amwene, kodi sitimayi tidyerapo? Afuna ziwiri ndi theka, inu mukupanga kalilole. Mukufuna muzidzionerapo nkhope imeneyo? Tichitireni chisoni."

"Inu pakani penti yanuyo. Ntchito yanu angaigwire ngakhale mbuzi yomangirira burashi kumchira."

"Mbuziyo ikanaweruka kale. Ine ndikuyamba dzuwa litapendeka chifukwa cha inu."

Wachiwiri anali injiniya Mervat, mtsikana wamsinkhu wa mwana wamkazi wa Shehata. Iye sanakalipe, anangodabwa.

"A Shehata, kale munkaima pa theka ndendende, moti ndinkachita manyazi kutsegula buku. Chachitika n'chiyani?"

"Ukhondo suchuluka, mwana wanga."

"Umachuluka, bambo. Mchenga ukutha, a penti akudikira. Pasitima yokoka zinzake ija, muime pa theka."

M'mawa mwake anayamba sitimayo. Anatsuka chigawo chachikulu cha m'nthiti mwake, n'kulekera pamene mkono unamuuza kuti m'pokwanira. Anavula chisoti, n'kuyang'ana. Sanaone kanthu, kunali kutuwa kokhakokha. Anzake anali atapita kukamwa tiyi pamthunzi. Pamenepo chidwi chake chakale chija chinamunong'oneza funso limene anali asanaliyesepo: kodi zala zingamve theka?

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula golovesi. Anaika chikhatho pachitsulo chofundacho. Anasuntha, n'kuikanso pena, n'kupitanso pena, akumvetsera ngati munthu wosankha chivwende. Zala zinangomva kukhakhala, kofanana paliponse. Yankho analipeza, koma silinali limene ankafuna. Anavalanso golovesi, n'kupita kukamwa tiyi wake atazizira.

Masana amenewo mphepo inatembenuka, n'kumachokera kunyanja, yonyowa ndi yolemera. Chakumadzulo Girgis anafika ndi makina ake opopera penti, n'kuima duu. Sanaseke, ndipo n'chimene chinamuopsa Shehata.

"Amwene, tabwerani kuno."

Panthiti ya sitimayo panali zikhatho zofiira ndi dzimbiri, zondondozana kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Chilichonse chinali ndi chala cholozera chachifupi. Zimenezo Shehata anaziona bwinobwino, chifukwa kufiira kunali kusanamutaye.

Girgis anayang'ana zikhathozo, n'kuyang'ana mnzakeyo m'maso nthawi yaitali.

"Ayamba liti masowa?"

"Chaka chatha."

"Ndiye inu zii? Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndimangoti ndi matama anu." Anatsitsa mawu. "Palibe waona. Ndipopera msangamsanga, penti imabisa zonse. Mawa ndiziima pambali panu, ndikakhosomola muzidziwa kuti mwafika pa theka."

Shehata analakalaka kuvomera, tisanamizane. Koma zidutswa za padenga zija zinamubwerera m'mutu. Ankadziwa zimene zingachitike: sitima ikanalowa m'madzi yonyezimira, ndipo pakapita miyezi, chikhatho chake chikanatupa pansi pa penti, matuza kutsata zala.

"Kaitaneni injiniya."

"Amwene, akuchotsani papayipi."

"Kaitaneni."

Mervat anabwera ndi kabuku kake. Ataona zikhathozo anafuna kulankhula, koma Shehata anamutsogolera.

"Tsegulani pamene pali giredi yachiwiri ndi ya ziwiri ndi theka."

Anatsegula, n'kumuikira pafupi ndi nkhope. Shehata anapendeketsa mutu monga mwa nthawi zonse, n'kuyang'anitsitsa zithunzi zimene anakhala nazo moyo wake wonse.

"Ndiuzeni, mwana wanga. Ziwirizi zikusiyanabe?"

"Zikusiyana, bambo," anayankha motsitsa. Anamuyang'ana m'maso. "Zikhala ng'ala zimenezi. Bambo anga anawachotsa ng'ala zomwezi kuchipatala, pano akuwerenga nyuzi. Koma kufikira atakuonani adokotala, payipi igwire munthu wina."

Shehata anagwedeza mutu. Zinamuwawa kwambiri, ndipo sanabise.

"Ndipemphako chimodzi. Izi ndichotse ndekha."

Mervat anavomera. Shehata anavala chisoti, n'kukweza dzanja kuti anzake ayatse makina. Anayamba ndi chikhatho cha kutsogolo, n'kumapita nazo chimodzichimodzi, chilichonse kuzimiririka mu fumbi lakuda. Chomaliza chitachoka, panalibenso chimene maso ake akanatsatira. Anazimitsa payipi, n'kutembenukira kwa Girgis.

"Ndafika pa theka?"

Girgis anayang'ana chitsulocho. Anangokhosomola.