Kabati ya Apongozi ndi Makina a Magemu

"...ndiye kalipentala abwera Loweruka m'mawa. Adzangodula matabwa awiri a m'mbaliwo ndi shelefu ya pamwamba, basi. Si nkhani yaikulu, adadi."

Amene ankalankhulayo anali mwana womaliza wa a Mapazi, yemwe anali atangotha milungu itatu chibwerereni kunja, komwe anakhala zaka zisanu. Anaima pakhomo pa shopu, foni m'manja, phazi limodzi lili kale panja, monga ankaimira paliponse masiku amenewo. A Mapazi sanadzutse mutu. Anali kuwotcherera kawaya pa bodi ya mkati mwa TV ya mwini, ndipo mtovu ukasungunuka sudikira kuti munthu ayambe wayankha mwana wake.

Mtsikanayo anapitiriza. Makina a magemu amene anabwera nawo m'sutikesi, atawakulunga ndi majuzi awiri, anapangidwira ma TV a masiku ano, aja a timadontho tochuluka pa chithunzi amene amati 4K. Pa TV ya kunyumba zilembo sizinkawerengeka, ndipo nkhope za anthu a m'gemumo zinkaoneka ngati chithunzi chimene chagonera pamvula. Yatsopano anali ataiona kale m'sitolo, ya mainchesi makumi asanu ndi asanu. Agula yekha, sakupempha munthu kanthu. Vuto linali limodzi lokha: siikanalowa m'kabati.

"Amayi ako ati chiyani?"

"Ati chabwino."

A Mapazi anaika chowotcherera pa kachitsulo kake. Chabwino wa akazi awo ankamudziwa. M'mawa wa tsiku lomwelo anawasiya atakhala pansi pabalaza, akutulutsa makapu m'kabatimo ndi kuwakulunga m'nyuzipepala, osaimba kanyimbo kamene amaimba akamapukuta ziwiya. Atawafunsa, anangoti akuchotsa fumbi.

Kabatiyo inapangidwa ndi apongozi awo aamuna, kalipentala wa pakamwa pouma, amene poyamba anakanitsitsa kuti mwana wawo akwatiwe ndi munthu wokonza mawailesi pakhonde la eni. Anagonja mwana woyamba atabadwa, koma kupepesa ndi pakamwa ayi. Anangofika tsiku lina ndi tepi, nayeza khoma la pabalaza, nayezanso TV ya chimsana imene mkamwini wawo anaigula yakufa n'kuidzutsa. Patatha mwezi kabati inabwera pangolo, yolumikiza thabwa ndi thabwa popanda msomali ndi umodzi womwe, pakati pake pali malo a TV. Mkuluyo anamwalira kalekale. Zida zake anagawana ana aamuna, ndipo kwa mwana wamkazi kunatsala kabatiyo. TV ya chimsana itatheratu, a Mapazi anasakasaka yopyapyala yokwana pamalopo, mpaka anapeza ya mainchesi makumi atatu ndi awiri, yosiya mpata wa chala chimodzi uku ndi chala chimodzi uko.

"Mawa ubwere nawo kuno makina akowo," anatero. "Komanso uwerenge mapazi kuchokera pa mpando wautali kufika pa kabati."

Mtsikanayo anaseka, nati ankadziwa kuti afika pamenepo.

Ntchitoyi a Mapazi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pa tebulo la miyendo itatu, wachinayi uli njerwa. Anayambira mawailesi a mabatire, kenaka a makaseti, aja ankadya tepi mpaka munthu kuisolola ndi cholembera. Anaphunzira ma TV a chimsana, olemera ngati thumba la simenti, amene amasunga moto mkati ngakhale utawazimitsa. Chipsera cha pa chala chawo chachikulu chinachokera kumeneko. Atabwera opyapyala, anzawo ambiri anatseka mashopu n'kuyamba kugulitsa makava a mafoni. Iwo anagula magalasi a maso amphamvu ndi kagalasi kokulitsira, nakhala pomwepo. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi chachitali, pakati pa telala ndi wometa. Khoma la kumanzere ladzaza ma TV odikira eni ake, lililonse lili ndi kapepala komata. Masikuluwu omangira TV iliyonse amawaika m'kachitini kakekake, ndipo amanyadira kuti m'zaka zonsezi palibe TV inatuluka pakhomo pawo ikusowa ngakhale kamodzi.

Dzina loti Mapazi linabwera ndi ma TV opyapyalawo. Anthu anayamba kufika osati kudzakonzetsa kokha, komanso kudzafunsa kuti agule yotani, poti m'sitolo awauza kuti iyi ili ndi timadontho tochuluka kuposa iyo. Iwo funso lawo linali limodzi: kuchokera pamene mumakhala kufika pa TV ndi mapazi angati? Wosadziwa ankamubweza kuti akawerenge kaye. Pansi pa shopu anajambula mizere ya penti yoyera, phazi lililonse mzere wake, ndipo anali ndi mpando wa pulasitiki umene ankausuntha pa mizereyo. Ankati diso lili ndi pamene limalekezera, ndipo timadontho timene diso silitha kutiona ndi ta mwini sitolo, si tako. Wometa wa pafupi ankawanyoza kuti ndi munthu yekhayo amene amabweza makasitomala kunyumba kukayenda pabalaza. Koma makasitomalawo ankabwerako, atawerenga.

M'mawa mwake mtsikana uja anafika ndi makina m'chikwama cha kumsana. Mapazi anali asanu ndi limodzi. Anawerenga kawiri, amayi ake akumuyang'ana osafunsa kanthu.

Pa benchi panali TV yaikulu ya 4K imene anali ataikonza dzulo lake, ikudikira kuyesedwa. A Mapazi anati aiyesera pomwepo. Anabaya chingwe, chithunzi chinabwera: msewu wonyowa, galimoto yofiira, nyali za m'tauni zikunyezimira m'madzi. Anakhala kanthawi akuyang'ana, manja kumbuyo. Anavomera kuti n'chokongola. Pa zimenezo sanafune kunama. Kenaka anauza mwana wawo kuti awaonetse posinthira, pamene makinawo amatsitsa chithunzi kuti chifanane ndi cha TV wamba yoonetsa bwino, ngati ya kunyumba ija. Anawaonetsa, akuwagwira chala pa mabatani chifukwa iwo ankadina mwamphamvu ngati akuyatsa wailesi yakale.

Malamulo anali ophweka. Iye atembenukire kukhomo, iwo asinthe kapena asasinthe, iye atembenuke n'kunena kuti ndi chiti.

Anayambira pa mzere wachiwiri. Analasa katatu konse, osazengereza, ndipo kachitatuko anawayang'ana bambo ake ndi nkhope ya munthu amene wapambana mlandu. A Mapazi sanatsutse. Anangokoka mpando, miyendo yake ikukwekwereza pa simenti, mpaka pa mzere wachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi khomo pomwe pankamveka makina a telala.

Koyamba anaphonya. Kachiwiri analasa, koma atatsinzina maso ndi kusolola khosi, zimene a Mapazi anati n'kuba, chifukwa palibe munthu amasewera gemu khosi lili chonchi. Kachitatu anati ndi 4K, motsimikiza, pomwe iwo sanakhudze kanthu chisiyireni pa chotsika. Wometa, amene anali ataima pakhomo ndi lumo m'manja, anapempha kuti naye ayese, naphonya kawiri, n'kunena kuti vuto ndi fumbi la m'shopumo.

Apa a Mapazi anafotokoza mofatsa, monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Makina atsopanowa sakakamiza munthu kugula TV. Ukabaya chingwe, amayamba afunsa TV imene aipeza kuti imatha zotani, n'kuipatsa zomwezo. Ya 4K imaoneka bwino, inde, ngati ndi yaikulu ndipo wakhala nayo pafupi. Koma pabalaza pawo, mpando uli uko, kabati ili uko, kusiyanako kumathera m'njira kusanafike m'maso. Gemu ndi yomweyo, galimoto yofiira ndi yomweyo.

Mtsikanayo anazunguza foni m'manja. Sanali munthu wokonda kugonja, komanso sanali wokana zimene waona ndi maso ake.

"Ndamva, adadi. Koma chimene ndikuona kunyumba si ichi. Kunyumba ngakhale dzina langa pa sikirini sindiliwerenga. Ndiye mukuti ndi maso anga?"

Anamufunsa kuti anabaya pati. Iye anati kumbuyo kwa TV kuli malo olembedwa HDMI, koma ndi bowo chabe, mkati mulibe kanthu, chala chimalowa. Anaganiza kuti ndi mmene ma TV akale alili, amangolemba dzina osaikamo chinthucho. Ndiye anakagula kabokosi kosinthira, kamene kamalandira chingwe cha makina n'kutulutsa zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira.

A Mapazi anavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene magalasi amafunira.

Anakumbukira bwinobwino. Zaka zinayi zapitazo, Lachisanu madzulo, mphunzitsi wina anabwera ndi TV yothyoka pobayira, mawa lake kuli alendo kunyumba kwake. Masitolo a masipeya anali atatseka. Iwo anathamangira kunyumba, natsegula TV yawo, n'kuzula soketi ya HDMI, akuuza akazi awo kuti Lolemba abwezera ina. Dikoda ya kunyumba inkagwira ntchito ndi zingwe zitatu zija, nkhani ndi maulaliki zinkaoneka monga mwa masiku onse, ndipo palibe anadandaula. Lolemba lija linapita, ndi ena ambiri pambuyo pake. Ndipo chingwe chachikasu, ngakhale utachilumikiza ku makina odula bwanji, chimanyamula chithunzi cha m'nthawi ya makaseti.

Anamuuza zonse, osachotsapo. Wometa anabwerera ku shopu kwake akugwedezeka mapewa, ndipo a Mapazi anadziwa kuti dzuwa lisanalowe msewu wonse ukhala utamva.

"Ndiye TV ya m'nyumba mwa okonza ma TV yakhala ndi bowo zaka zinayi," anatero mtsikanayo pang'onopang'ono, ngati akuwerenga chikwangwani.

"Zinayi ndi miyezi iwiri. Usanditsitsire."

Anaseka mpaka kugwira mpando. Atatha, anafunsa ngati ikonzeka ndithu, kapena ndi Lolemba linanso. Iwo anati ndi ntchito ya ola limodzi, kuwotcherera timiyendo ta soketi khumi ndi tisanu ndi tinayi, ndipo manja awo sananjenjemerepo. Madzulo a tsiku lomwelo awerenga dzina lake ali pa mpando wautali. Kenaka anawonjezera, mawu atatsika, kuti amayi ake sakanamukaniza ngakhale akanati kabatiyo aiwaze nkhuni. Zaka zisanu amayiwo anazitha akuwerenga masiku. Tsopano akuopa kuti akangoti ayi pa kanthu kalikonse, mwana aona kuti nyumba yamuchepera, n'kukweranso ndege.

Mtsikanayo anayang'ana mizere ya penti pansi paja. Iye ankaiona kabatiyo ngati chithabwa chakuda chodya theka la balaza. M'nyumba zimene ankakhala kunja, mipando inkabwera m'makatoni ndipo posamuka unkaisiya panja. Kuti agogo ake anaipanga ankadziwa, monga munthu amadziwira tsiku lobadwa la wachibale wakutali. Anatuluka panja ndi foni. A Mapazi anamumva akuuza kalipentala kuti Loweruka asavutike kubwera, ntchito ija yalephereka, akupepesa. Atabwerera anati TV yaikulu adzaigulabe, akadzapeza nyumba yakeyake, ndipo mpando adzauika pa mapazi awiri kuti asadzamve za munthu.

"Pamenepo ndidzakuperekeza ndekha kusitolo," anatero a Mapazi.

Anamutuma kuti atsogole, akathandize amayi ake kumasula makapu m'nyuzipepala, ndipo za bowo asanene, akanena okha. Iye anati sakulonjeza.

Dzuwa litapendeka anatseka shopu msanga, nayenda wapansi kupita kwa mayi wa masipeya, kuseri kwa malo okwerera basi. Ndi kasitolo kopanikiza, ka madirowa ang'onoang'ono mpaka kudenga, ndipo mayiyo amadziwa dirowa lililonse osayang'ana zolemba. Anakwera pa kampando, natsitsa la masoketi. A Mapazi anasankha ndi kagalasi kawo, akutembenuza imodziimodzi, kuona ngati timiyendo tonse tili towongoka. Yoyamba anaibweza, yachiwiri anaibweza.

"Lero mwavuta bwanji, bambo. Ndi ya bwana uti imeneyi?"

"Ya kunyumba."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi ake, nati m'zaka makumi awiri sanawamvepo akugula kanthu ka kunyumba. Ankayesa kuti kwawo amaonera khoma. Anakulunga kasoketiko m'kapepala, napinda kawiri, chifukwa kanali kochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu ndipo kakagwa m'basi sikapezekanso.

A Mapazi anakaika m'thumba la malaya, namanga batani. Basi inali yodzaza, anaima njira yonse, dzanja limodzi pa chitsulo, linalo litaphimba thumbalo kuti anthu potsika asapinde timiyendo take.