A Zaulere ndi Foda ya Malemu Akazi Awo

Khoma limene linkalekanitsa shopu yanga yosokeramo ndi kachipinda ka a Zaulere linali la mabolodi, lopyapyala moti iwo akayetsemula ine ndinkayankha kuti pepani. Tinakhala moyandikana choncho zaka zambiri, ine ndi makina anga opalasa ndi phazi, iwo ndi kompyuta yawo yakale imene inkalira ngati munthu wa chifuwa. Dzina lawo lenileni ndi ochepa ankalidziwa. Msewu wonse, kuyambira kwa ometa mpaka kwa wowotcherera zitsulo kumapeto kuja, ankangoti a Zaulere.

Poyamba anali wokonza mataipilaita. Ankayenda m'maofesi ndi kachikwama ka zida, botolo la mafuta ndi kaburashi, ndipo amati ankadziwa matenda a makina pongomva kulira kwake. Mataipilaita atatha ntchito, nawonso ntchito inawathera, ali pa msinkhu woti munthu sabwereranso kusukulu. Ofesi ina imene inkataya katundu wakale inawapatsa kompyuta ngati chotsanzikira. Anaimanga pa njinga, nachita lendi kachipinda kaja, n'kuyamba kudziphunzitsa okha, chala chimodzichimodzi, magalasi ali pansonga pa mphuno.

Ntchito yawo inali kutaipira anthu makalata, kupulinta, ndi kulowetsa zithunzi zakale m'kompyuta. Mapulogalamu ogula anali okwera mtengo, ndipo obedwa aja amene anzawo ankagawana pa fulashi iwo ankawakana. “Pakompyuta panga sipalowa chakuba,” ankatero. Ndiye tsiku lina anatulukira kuti kunja kuno kuli anthu amene amapanga timapulogalamu tothandiza, n'kutisiya pa intaneti kuti aliyense atenge osalipira. Anagogoda khoma.

“Mayi telala, tabwerani mudzaone anthu a Mulungu!”

Ndinapita ndi singano kukamwa. Anandionetsa kena kochepetsa mafayilo kuti akwane pa fulashi, kena kolumikiza mapepala ambiri kukhala chikalata chimodzi, kenanso kosesa zinyalala m'kompyuta kuti izithamanga.

“Zonsezi mwagula?” ndinafunsa.

“Zaulere, mayi. Zaulere!”

Wometa anali pakhomo, anamva, ndipo dzina linabadwa pomwepo.

Pa mapulogalamu onsewo, imene inawatchukitsa inali yobweza zinthu zofufutidwa. Sinali yokongola: kawindo kotuwa ndi mabatani ochepa, basi. Koma anthu ankabwera ndi mamemori khadi awo nkhope zili zakugwa, n'kutuluka akuseka. Ndinaona mphunzitsi wina akugwada pansi mayeso a kalasi yake yonse atabwerera. Ndinaonanso dalaivala wa basi amene anabwera ndi mkazi wake kuti awabwezere zithunzi za ukwati. Zithunzizo zinabwereradi, koma zinabwera ndi zina za mayi wina wake atakhala pampando wakutsogolo wa basi yomweyo. Anthuwo anakamalizira nkhani yawo panja, ndipo msewu wonse unasiya ntchito.

“Pulogalamuyi sisankha,” a Zaulere anandiuza akukonza magalasi pamphuno. “Imafukula ndi zomwe munthu anakwirira dala.”

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Pulogalamu ina inabwera ndi alendo osaitanidwa: zotsatsa malonda zinkangotumphuka pa sikirini ngati ziwala, ndipo tsiku lina panatulukira atsikana osavala mokwanira abusa ali pomwepo kudikira ndondomeko ya mapemphero. A Zaulere anaphimba sikirini ndi jekete. Ina inagwira ntchito bwinobwino mwezi wathunthu, kenaka inatseka zonse n'kuyamba kufuna malipiro. Inanso itadzikonza yokha inasintha malo a mabatani onse, moti bambo aja anakhala ngati mlendo m'nyumba mwawo momwe.

Akazi awo ankagwira ntchito yochapa pachipatala china. Masana ankadutsa kudzasiya chakudya m'kontena, n'kukhala pang'ono pa benchi yanga kupumitsa miyendo. Anali mayi wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Akamva amuna awo akutamanda pulogalamu yatsopano, ankakuwa kudzera pakhoma: “Bambo a mwana, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada! Idyani kaye, zaulerezo sizithawa.”

Mayiwo anadwala chaka chimodzi. Anayamba ndi kutupa miyendo, kenaka anasiya ntchito, kenaka anasiya kutuluka. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabwera kudzawadwazika, ndipo m'masiku amenewo ankawajambula mavidiyo pa foni: akuimba, akumulangiza za banja, akukalipira amuna awo chifukwa chopachika thaulo lonyowa pachitseko. Maliro atatha, foni ya mwanayo inali itadzaza. Anasamutsira zonse m'kompyuta ya bambo ake n'kufufuta za mufoni, poti ndani angasunge bwino zinthu kuposa munthu amene amabwezera anthu zotayika? Momwemo munalinso zithunzi zakale za banja, zimene a Zaulere anazilowetsamo chinyezi chisanamalize kudya alubamu. Zonse anaziika mu foda imodzi, naitcha kuti Amayi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanatsegulire makasitomala, ankatsegula vidiyo imodzi. Tsiku loyamba kumva mawu a malemu kuseri kwa khoma ndinadzibaya ndi singano. Kenaka ndinazolowera. Ndinkafika, kusesa, kudzoza makina mafuta, uku mayi aja akuimba kapena kukalipa. Sindinawafunsepo kanthu, nawonso sananenepo kanthu.

Patapita nthawi mwana uja anaima. Anatumizira bambo ake hadidiraivi yatsopano, kabokosi kakuda kosungiramo mafayilo, kokwana m'thumba la malaya, n'kuwaimbira foni. Ndinamva zonse, chifukwa a Zaulere ankalankhula pa foni ngati akuitana munthu kutsidya kwa msewu.

“Ababa, kompyuta yanuyo yakalamba. Mukopere foda ya amayi m'menemo. Ndikufuna mwanayu akadzabadwa adzamve mawu a agogo ake.”

“Usadandaule, mwanangu. Ndapeza kale kapulogalamu kake.”

Akanatha kungokopera mwachizolowezi, monga ankachitira ndi makalata a anthu. Koma anali atapeza pulogalamu yofananitsa mafoda awiri kuti zimene zili uku zikhalenso uko, ndipo anafuna kuchita zinthu mwaukatswiri, poti zinali za akazi awo. Pulogalamuyo inali ndi mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndi muvi pakati. Iwo anasemphanitsa: foda yopanda kanthu ya mu hadidiraivi anaiika kumbali yotengerako, ya Amayi kumbali yolandira. Panatuluka funso lalitali m'Chingelezi cha akatswiri. Pakhomo panali kasitomala akugwedeza makiyi. Anadina kuvomera. Ntchito inatha mwamsanga, pa sikirini n'kuoneka kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti zonse zayenda bwino. Ndipo pulogalamuyo sinalakwitse: inafananitsadi mafoda awiriwo. Onse anakhala opanda kanthu.

Zikanathera pamenepo, bwenzi pulogalamu yawo yobweza ija itakonza zinthu. Koma linali Loweruka, tsiku limene ankasesa kompyuta. Pulogalamu yosesayo inali ndi kabokosi kena kamene anakachonga kalekale, kolamula kuti malo onse ofufutidwa azipukutidwa kotheratu, chinthu chisadzabwererenso. Anaiyatsa, natuluka kukameta. Inagwira ntchito masana onse mpaka magetsi anazima.

Lolemba m'mawa ndinasesa, ndinadzoza makina, koma kuseri kunali zii. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenaka mausi ya kompyuta ikudinidwa mobwerezabwereza. Patapita kanthawi anaima pakhomo panga opanda magalasi. Ndinali ndisanawaonepo choncho; maso awo anali aang'ono ngati a khanda.

“Mayi telala, foda ya amayi mulibe kanthu.”

“Mwayang'ana mu kabokosi kakuda kaja?”

“Namonso mulibe.”

“Si inu mumabweza zotayika? Bwezani.”

Anagwedeza mutu ngati ndawakumbutsa chinthu, nabwerera. Anapachika chikwangwani choti atseka, n'kuyatsa kawindo kotuwa kaja. Kanafufuza masiku angapo. Zimene kanabweza zinali za m'chigawo chokhacho chimene chosesa chija sichinafikeko magetsi asanazime: mafayilo osawerengeka opanda mayina, ongokhala ndi manambala. Ambiri anali a anthu ena. Makalata ofunsira ntchito, maukwati a eni ake, ana a eni ake atavala yunifolomu. Zithunzi zina zinkatseguka theka, kumtunda munthu, kumunsi kotuwa ngati simenti. Mavidiyo ankangokana.

A Zaulere anafufuza amene anapanga pulogalamu yofananitsa ija. Panalibe nambala ya foni, panalibe ofesi. Panali tsamba limene anthu ankafunsirana mafunso, ndipo anapezapo munthu wina wa dziko lakutali amene zinamuchitikira zomwezo zaka zapitazo. Womuyankha anangomuuza kuti akanawerenga malangizo. A Zaulere analembapo funso lawo, mwaulemu, ndi Chingelezi chawo cha m'maofesi akale. Palibe anayankha. Anandiwerengera mawu ena aang'onoang'ono amene anawavomereza poika pulogalamuyo, onena kuti mwini wake alibe mlandu pa chilichonse chotayika.

“Ndiye nkhanza zimenezo,” ndinatero.

“Ayi, sananame. Analemba. Ndine amene sindinawerenge.”

Mwana wawo sanamuuze. Akaimba, ankamufunsa za miyendo, za sikelo, n'kudula msanga. Anadzadziwa atabwera yekha ndi khanda kumbuyo. Anayamba wadutsira kwa ine kudzandionetsa mwana, kenaka analowa kwa bambo ake akusekerera.

“Ababa, tiikireni amayi. Ija akuimba ija.”

Ndinasiya kupalasa makina. Kenaka ndinamva a Zaulere akufotokoza pang'onopang'ono, za kumanzere ndi kumanja, za muvi, za Loweruka, ngati kuti akalongosola bwino zinthu zisintha.

“Zonse?” mwanayo anafunsa.

“Ndikufufuzabe, mwanangu.”

“Ndinakupemphani kuti mukopere basi. Kukopera! Ngakhale ine ndikanatha.” Khanda linayamba kulira. “Amayi mwawaika m'manda kawiri, ababa.”

Anatuluka khanda likulira, osanditsanzika. Bambo ake sanamutsatire. Ndinawapeza atakhala, manja ali pamaondo, akuyang'ana pulinta.

Miyezi yotsatira anaithera pa mafayilo aja, kutsegula imodziimodzi. Makasitomala akabwera ankawathandiza mwaulesi, maso ali kwina, ndipo ambiri anasiya kubwera. Ndi kale lomwe mafoni anali atayamba kuchita okha ntchito zambiri zimene anthu ankadzera kwa iwo. Nthawi zina ankandiitana kuti ndiwathandize kuzindikira.

“Dzanja ili si la amayi?”

Linali dzanja la mayi litagwira kapu, china chilichonse chotuwa. Ndinkati mwina. Tsiku lina anapeza duku ndi chipumi, nkhope yonse kulibe. Duku limenelo ndinalidziwa, ndinapinda m'mphepete mwake ndine. Anachipulinta chithunzicho momwemo n'kuchiika m'thumba la malaya.

Mawu anawapeza kamodzi kokha. Kanali kachidutswa kakafupi, kopanda chithunzi, kophwanyikaphwanyika. Mayi aja ankaseka, kenaka n'kuti, “Iwe, tazimitsa chimenecho, sindinapese,” n'kuthera pomwepo. Anakatumiza kwa mwana wawo osalembapo kalikonse. Mwanayo sanawayankhe, koma madzulo ake anaimbira ine.

“Anti, ababa akumadya koma?”

“Bwanji osawafunsa wekha?”

“Ndikafuna kuwaimbira, ndimangoibwezanso foni m'thumba.”

Ndinawafunsapo a Zaulere tsiku lina ngati tsopano adana nazo zaulerezo. Anali akubwezera mtsikana wina zithunzi za mwambo womaliza maphunziro, ndi pulogalamu yomwe ija, ndipo zinkabwera zonse, zathunthu, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mtsikanayo ankaomba m'manja. Iwo anadikira kuti atuluke.

“Mpeni wopatsidwa umacheka chala chimodzimodzi ndi wogula,” anatero. “Anthu aja anandidyetsa zaka zonsezi osandidziwa n'komwe. Kungoti ukadzicheka, amene anakupatsa mpeniyo sakhalapo kuti akumange bala.”

Maso awo anayamba kuchita nkhungu. Ankataipa zolakwika, anthu n'kumabweza makalata. Eni nyumba atapeza wina wofuna kugulitsiramo zikuto za mafoni, a Zaulere sanalimbane nawo. Mkamwini wawo anabwera ndi galimoto ya bokosi, nanyamula tebulo, pulinta ndi kompyuta, ndipo bambo aja anakakhala kwa mwana wawo. Ndinamva kuti kompyutayo itafika kumeneko sinayakenso. Kaya ndi mabampu a m'njira, kaya inangotopa.

Ndinakawaona kamodzi. Ndinawapeza pakhonde, mdzukulu akuwakoka zala zakuphazi. Mwana wawo ankawasamala bwino ndithu, madzi osamba, mankhwala a m'maso, zonse pa nthawi yake, koma ankalankhulana ngati anthu okumana pa depoti. Tinacheza za msewu wathu, za wometa amene anakwatiranso, za wowotcherera amene anasamuka. Ndikutsanzika, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thalauza lawo lakutchalitchi.

“Mukalibwezeko m'chiunomu, mayi telala. Likumandivuka.”

Ndinawayeza ndi tepi yanga pomwepo pakhonde. Anali atatha kwambiri, moti ndinabwereza kuyeza poganiza kuti ndalakwitsa. Thalauzalo ndinalisoka sabata yomweyo, ndinalisita, n'kutumiza uthenga kuti latha. Mwana wawo anayankha kuti abambo sakutulukanso masiku ano, adzalitenga akadzapeza mpata. Ndinalikulunga m'pepala kuti lisachite fumbi, n'kuliika pashelefu yapamwamba pamodzi ndi zovala zina zimene eni ake sanabwere kudzatenga.