Nkhuku Imene Amayi Anakana Kuphika

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, pamene ine ndi amayi tinachoka kwathu ku Champiti masanasana, anthu onse ali kudimba. Amayi anali atakoleka dzanja lawo lamanzere m'chitenje chomangirira m'khosi. Dzulo lake bambo anawamenya ndi mpini wa khasu chifukwa mbuzi yathu inadula chingwe n'kukadya chimanga cha eni. Sikanali koyamba kumenyedwa. Koma kanali koyamba kuti amayi asathawire kwa amalume, mchimwene wawo amene analinso nkhoswe ya banja lathu. Tinakwera matola mpaka ku Manjawira.

Mukapita kumeneko lero mupeza bungwe lothandiza amayi ozunzidwa m'banja ndi atsikana ogwiriridwa. Lili ndi nyumba ya njerwa zootcha, galimoto, ndi alangizi ophunzira bwino. Ana a masiku ano amati linabwera ndi azungu. Bodza lenileni! Ine ndinaliona likukwawa. Linayambira m'kachipinda kosungiramo mchere ndi sopo, kuseri kwa sitolo ya mayi wina wachisilamu, Abiti Saidi. Pakhonde la sitoloyo pankakhala telala wamkazi, Anangozo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene mng'ono wake anafera m'banja atabwezedwako mobwerezabwereza. Amayi awiriwa anagwirizana kuti mkazi aliyense wothawa nkhonya azigona m'kachipindako. Panalibe dzina, panalibe chikwangwani. Azimayi ankangonong'onezana pachitsime ndi kuchigayo kuti zikavuta, pita kwa Anangozo.

Ndinene zoona, ine malowo ndinadana nawo. Fungo la sopo ndi palafini linkandilowa mpaka m'phala. Malole ankadutsa pamsewu akugwedeza malata, fumbi lili koboo. Mtima wanga unali ku Champiti, pa mtengo wathu wa mango umene unali utangoyamba kuyezuka, pa anzanga a fulaye, pa kamwana ka mbuzi kamene ndinkakatcha kanga. Ndipo ndisabise, ndinkawafunanso bambo. Munthu yemweyo womenya amayi ndi amene ankandikweza panjinga popita kumsika, akuimba mluzu, n'kundigulira zitumbuwa. Mwana sadziwa kugawa munthu pawiri. Tsiku ndi tsiku ndinkawafunsa amayi kuti tibwerera liti, iwo n'kungoyang'ana kumbali.

Loweruka lina m'mawa ndinaona njinga ziwiri zikukhota pasitolo. Amalume patsogolo, bambo pambuyo, ndipo pa handulo ya bambo pankalendewera tambala wofiira womangidwa miyendo. Mayo ine, chimwemwe chake! Mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino. Kwathu mwamuna akalakwira mkazi amapereka nkhuku kwa ankhoswe. Nkhukuyo ikaphedwa n'kudyedwa, mlandu watha, mkazi anyamule katundu abwerere kunyumba. Ndinali nditaziona kangapo konse kwa amalume. Popanda wondituma ndinathamangira kuseri, ndinakoleza mbaula, n'kutereka madzi ososolera nkhuku. Ndinkaupemerera motowo ndi mbale mpaka maso kufiira, mumtima ndikuti lero ndikagona kwathu.

Anayala mphasa pansi pa mthethe kuseri kwa sitolo. Amalume ndi bambo anakhala pamipando, amayi pamphasa atazolika, Anangozo pambali pawo tepi yoyezera ikadali m'khosi. Abiti Saidi anaima pakhomo atapinda manja. Ine ndinali pambaula, makutu ali tcheru.

Amalume anayamba mwaulemu wonse. "Mayi, zikomo potisungira mlongo wathu. Alamuwa alakwa, ndipo avomera. Nkhuku ndi iyi. Paja banja ndi kupirira."

"Mwalankhula bwino, bambo," anatero Anangozo. "Koma wothyoka dzanja ndani pano? Ndinu?"

"Ayi, koma nkhoswe ndine."

"Ndiye nkhukuyi isakhudzidwe mpaka mwini dzanja alankhule yekha."

Amalume anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamva zachilendo. Pa milandu yotere mkazi sankafunsidwa. Ankhoswe ankalankhula, mwamuna ankapepesa kwa ankhoswe, mkazi n'kumangowomba m'manja. Tambala uja anakupiza mapiko pafumbi. Madzi anga anali atayamba kubwadamuka, ine n'kumadabwa kuti akuchedweranji.

Kenaka amayi anadzutsa mutu. Mawu awo anali otsika, koma ndimawamvabe mpaka lero.

"Achimwene, nkhuku zonse zija munkadya ndinu ndi alamu anuwa. Ine ndinkangophika, nkhope ili yotupa. Iyi yokha sindiphika."

Bambo anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Maso awo ndinawazindikira, anali omwe aja a kunyumba. Koma kuno sikunali kunyumba. Abiti Saidi anangokuwa kamodzi, ndipo azimayi ogulitsa tomato ndi mbatata pamsewu anasiya malonda awo n'kubwera kudzaima mozungulira mphasa. Sanatukwane, sananyamule ndodo. Anangoima basi, ana kumsana. Bambo anayang'ana uku ndi uku, anatola tambala wawo, n'kukwera njinga osandiyang'ana n'komwe. Amalume potsanzika anati, "Mwandichititsa manyazi, mlongo wanga. Za banja lanu ine ndasamba m'manja."

Ndinathamangira njinga zija mpaka pamsewu ndikukuwa kuti, "Ababa, ndidikireni!" Sanatembenuke. Ndinabwerera ndikulira chokweza, ndipo ndinamuuza mayi wa eni, Anangozo, pamaso kuti ndi mfiti yopasula mabanja. Ndinkayembekeza mbama. M'malo mwake Anangozo anandigwira pamkono n'kupita nane pambaula.

"Madzi awa wawiritsa ndiwe?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Wachita bwino. Athire m'beseni, usakanize ndi ozizira. Ukawathowe amako."

M'kachipinda muja amayi anamasula chitenje n'kutsitsa bulauzi. Aka kanali koyamba kuona msana wa amayi anga poyera. Panali zipsera zakale zoyererako, zina zakuda, zina zatsopano zotupa, kungoti mbwee ngati mizere ya m'munda wolimidwa mosasamala. Ndinkanyika kansalu m'madzi ofunda n'kumathowa. Amayi ankaluma mlomo kuti ndisamve kubuula. Sopo uja ananunkhira m'chipinda monse, ndipo misozi yanga inkagwera m'beseni.

Titatuluka, Anangozo anandikhazika pa benchi pafupi ndi makina awo osokera. Sanalankhule zambiri.

"Ukufuna kwanu, ndikudziwa. Si tchimo limenelo, mwanawe. Bambo ako uziwakonda, palibe akuletse. Koma nkhuku ija ikanadyedwa lero, madzi otsatira ukanadzawiritsa osambitsira mtembo. Ine ndinawiritsapo a mng'ono wanga."

Anapukusa gudumu la makina n'kupitiriza kusoka diresi ya munthu.

Zimene zinachitika pansi pa mthethe paja zinasanduka lamulo loyamba la gululi, lisanakhale ndi mapepala aliwonse: ankhoswe alandiridwe mwaulemu, apatsidwe mpando, koma woyamba kulankhula akhale mkazi, ndipo chimene wanena ndicho chichitike. Ena ankasankha kubwerera kwa amuna awo, ndipo sankaletsedwa. Anangozo ankangowaperekeza pamsewu n'kuwauza kuti chitseko sichitsekedwa. Mbiri inafika mpaka ku Nzama ndi kumapiri konse. Azimayi a pamsika anayamba kusonkha ufa ndi nyemba. Kachipinda katachepa anabwereka nyumba ya udzu. Kenaka kunayamba kubwera atsikana aang'ono ogwiriridwa, ena ndi achibale awo enieni, ndipo amayi anga, amene kale sankatha kuyang'ana mwamuna m'maso, ndi amene ankawaperekeza kuchipatala ndi kupolisi. Patapita zaka anabwera achinyamata ophunzira, analembetsa bungwe kuboma, thandizo linayamba kufika. Anangozo anamwalira maziko a nyumba ya njerwa ija asanakumbidwe. Abiti Saidi anawatsatira pasanapite nthawi.

Ku Champiti sitinabwererenso kukakhala. Ndinakulira ku Manjawira, ndinaphunzira, ndinakwatiwa. Bambo anakwatira mkazi wina, ndipo ndinadzawaonanso ali m'bokosi. Pamaliro pajapo ndinafunafuna nyumba yathu, ndinapeza chulu cha dothi pomera nthula. Ndinalira kwambiri, anthu n'kumati ndikulira bambo okha.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti wosowa kwathu ndinali ndekha, kuti amayi anangokutumula fumbi n'kuiwala. Ndinadzadziwa zoona iwo atakalamba, tsiku lina mvula yoyamba itagwa. Ndinawapeza pakhonde akununkhiza dothi, dzanja lija, limene silinawongokenso bwinobwino, lili pachifuwa.

"Pano kwathu akudzala," anatero. "Dimba langa lija la kumtsinje, kaya akulima ndani."

"Kodi amayi, mumakukumbuka?"

"Iwe! Palibe chaka chimene sindinalote kwathu."

"Nanga bwanji simunabwerere?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ndinkafuna ndikuone utakula."

Amayi anatisiya chaka chathachi, ali ndi imvi mutu wonse, zidzukulu zitawazungulira. Tsopano ndikumvetsa kuti tonse awiri tinkalira mudzi umodzi, kungoti ine ndinkalira mokweza, iwo chamumtima, akundiphikira, akundichapira yunifolomu. Ndikumvetsanso kuti munthu angathe kulakalaka kwawo moyo wake wonse koma n'kukhala atachita bwino kuchokako. Ku Champiti ndimakufunabe, ndipo ndidzakufuna mpaka kufa. Koma ndikanapatsidwa mudzi uja tsiku limene ndinkaulirira, bwenzi nditakula wopanda amayi.