Akasinja a m'Foni ya a Nowa

A Nowa Kachiza anafika ku Luwawa ali mnyamata, kuchokera kwawo ku Ntchisi, atamva kuti kunkhalango ya paini akulemba anthu ocheka matabwa. Ankati agwira chaka chimodzi n'kubwerera kwawo, koma sanabwererenso. Anakwatira Leah, mwana wa a Hara a ku Manyamula, ndipo msana utayamba kukana macheka anasamukira ku boma la Mzimba. Kumeneko anamanga shedi kuseri kwa msika n'kumakhoma zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Chitumbuka ankachimva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chichewa, ndipo anthu anangowazolowera choncho.

Ana aakazi awiri anakwatiwa, wina ku Mzuzu wina ku Jenda. Wamwamuna anali mmodzi, Chikhumbo, ndipo bambo ake ankafuna kuti adzatenge shedi. Iye analowa usilikali. Tsiku limene anawauza, a Nowa sanakalipe. Anangoti, "Wasankha wekha," n'kupitiriza kupala thabwa. Kuchokera pamenepo zokambirana zawo zinachepa. Pa foni ankangofunsana za mvula basi.

Chaka china, nyengo yozizira, Chikhumbo anabwera pa tchuthi n'kunena kuti gulu lawo likupita ku Congo kukasungitsa mtendere. Anawagulira bambo ake foni yoseresa ndi chala. Tsiku loti mawa anyamuka anawapeza ku shedi, n'kukhala pa mulu wa matabwa.

"Adada, ndakuikirani gemu. Ndi ya nkhondo, koma siyothamangitsana. Ili ngati bawo. Inu mukasewera imandiuza, ine ndikasewera imakuuzani. Olo ndili ku Congo, tizisewera."

"Ine ndi zoseweretsa za ana?"

"Tangoonani kaye. Dziko lonseli aligawa m'timabokosi."

"Usanene mabokosi muno," a Nowa anatero, akuyang'ana limene linali lotsamira khoma. "Uziti tizipinda."

Chikhumbo anaseka n'kuyambiranso. Asilikali obiriwira anali a bambo ake, ofiira anali ake. Oyenda pansi ankadutsa tizipinda tochepa, koma ankakwera phiri, ndipo ndi okhawo ankatha kulanda tauni. Akasinja ankafika patali akakhala pamsewu, m'nkhalango ankakwawa, ndipo mtsinje ankawoloka pa mlatho pokha. Mzinga unkawombera patali, koma ukasuntha sunkawombera ulendo umenewo, ndipo mdani akauyandikira unalibe chodzitetezera. Msilikali aliyense ankasuntha kamodzi. Ukamaliza onse, unkadina batani la pansi, ndipo ukadina panalibenso kubweza.

"Nanga kwadaku?"

"Ndi chifunga. Mumangoona pafupi ndi anthu anu. Uko ndili ine, koma simungadziwe kuti ndili pati."

A Nowa anayang'ana chifungacho nthawi yaitali. "Ndiye ineyo ndiziwombera asilikali ako?"

"Ndi zithunzi chabe, adada."

Mayi Leah atamva anagwira pakamwa, n'kutembenukira kwa amuna awo. "Awiske Chikhumbo, mwana akupita kunkhondo yeniyeni, inu muzisewera zomupha? Yayi, ndapota, lekani. Ndi malodza amenewo."

Mumtima a Nowa ankagwirizana nawo. Masabata oyamba, foni ikalira kuti Chikhumbo wasewera, iwo ankangobweza asilikali awo m'mbuyo n'kuwabisa m'nkhalango. Akaona wofiira akutulukira m'chifunga, sankamuwombera. Kenaka panabwera uthenga wa mawu, Chikhumbo akuseka, kumbuyo kukumveka injini ya galimoto.

"Adada, mukamathawa ndikulanda matauni onse, ndipo tauni iliyonse imandiwonjezera asilikali. Menyani! Simundipha ine."

Anayamba kumenya, ndipo anaphunzira mwa kugonja. Akasinja awo anatha mafuta pakati pa msewu chifukwa anasiya galimoto ya mafuta kumbuyo. Anazindikira kuti woyamba kuwombera ndiye amapweteka mnzake kwambiri, kuti msilikali wovulala amawombera mofooka, ndiponso kuti ukamubweza n'kumuika m'tauni yako amachira pang'onopang'ono. Amene waima paphiri kapena m'nkhalango savulala ngati wa pamtetete. Nthawi zina ankasiya thabwa pa benchi, pensulo ili kukhutu, n'kumawerenga tizipinda ndi chala kuti aone ngati mzinga wa Chikhumbo ungawafikire.

Anaphunziranso kaseweredwe ka mwana wawo. Chikhumbo sankasiya mzinga wopanda asilikali kutsogolo kwake. Sankamaliza ulendo wake akasinja ali pamsewu. Koposa zonse, sankataya munthu wovulala. Ankalolera kutaya mlatho kuti abweze msilikali mmodzi wotsala pang'ono kufa. A Nowa akaona zimenezi sankadziwa ngati asangalale kapena ade nkhawa, chifukwa munthu wobwerera kukatenga mnzake ndi amene chipolopolo chimamupeza.

Mayi Leah sanaikonde gemuyo, koma m'mawa uliwonse asanapite kudimba ankafunsa, "Yalira?" Foni ikalira, ndiye kuti mwana wadzuka, ali ndi zala zake, ndipo wapeza mpata wokhala pansi.

Mvula itakhazikika, chimanga chitafika m'mawondo, wailesi inanena kuti nkhondo yakula kum'mawa kwa Congo ndipo ena mwa asilikali osungitsa mtendere aphedwa. Mayina sanatchule. Anati ayamba adziwitsa abale.

M'mawa umenewo a Nowa anali atasewera kale. Anali atawombera kasinja mmodzi wa Chikhumbo pa mlatho mpaka kupsa, ndipo anaseka okha m'shedi. Tsopano ankangokumbukira kusekako. Anaimba foni, sinalowe. Analemba uthenga, sunafike. Gemu inkangoonetsa kagudumu kozungulira, kusonyeza kuti ikudikira winayo.

Masiku anayamba kudutsa. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, anabwera kunyumba kudzapemphera ndi mayi Leah. Ana aakazi ankaimba m'mawa ndi madzulo kufunsa zomwezomwezo. A Nowa ankapitabe ku shedi, koma chitseko chimodzi chinawatengera sabata, ndipo mahinjesi anawakhoma mozondoka.

Tsiku lina kunabwera bambo wochokera ku Engutwini, wovala jekete lonyowa ndi mvula, kudzafuna bokosi. Mphwake anali atagundidwa ndi lole.

"Msinkhu wake?" a Nowa anafunsa, atagwira tepi.

"Mnyamata wamtali. Ngati mwana wanu uja, wa usilikali."

Tepi inawapulumuka n'kudzikulunga yokha pansi. Anawerama n'kuitola.

"Pepani, bambo. Matabwa abwino andithera. Pitani kwa a Zgambo kumunsiku."

Bamboyo anayang'ana mulu wa matabwa umene unali pomwepo, n'kuwayang'ananso a Nowa. "Yewo, dada," anatero motsitsa, n'kutuluka.

Masana a tsiku lomwelo galimoto yobiriwira ya asilikali inaima pafupi ndi msika. Anatsika awiri, mmodzi wa nyota paphewa. A Nowa anawaona kudzera pampata wa malata. Anakhala pansi pa utuchi kuseri kwa benchi ngati mwana wobisala. Ankamva nsapato zawo pamiyala. Ankayembekeza kumva munthu akufunsa kuti kwa a Kachiza ndi kuti. Nsapato zinadutsa. Patapita kanthawi anasuzumira, n'kuona asilikali aja akukweza thumba la mbatatesi m'galimoto. Galimoto itapita anakhalabe pomwepo. Zimenezi sanawauze akazi awo.

Kenaka pa gemu panatuluka batani latsopano lachikasu, ndi mawu a Chingerezi amene sanawamvetse bwino. Anapita nayo kwa Marjory, mayi amene ankagulitsa mayunitsi ndi kutchajitsa mafoni pakhomo la msika.

"Ikuti mnzanu wachedwa chomene osasewera," Marjory anatero. "Mukadina apa, mbwenu mwawina, gemu yatha. Ndikudinireni?"

"Ayi!" A Nowa anamulanda foniyo mwamphamvu moti anthu anacheuka. Marjory anazindikira mochedwa kuti mnzawoyo anali ndani, n'kuyamba kupepesa, koma iwo anali atachoka kale. Kuyambira tsiku limenelo foni ankainyamula ngati dzira, poopa kuti chala chingakhudze batanilo mwangozi.

Inalira Lachisanu m'mawa, ali pakhonde akumwa tiyi. Mayi Leah anataya tsache n'kuthamanga. Batani lachikasu linali litachoka. Ofiira anali atasewera.

"Chiuta wane! Ali moyo!" mayi Leah anafuula, n'kugwada pakhonde pomwepo.

A Nowa nawonso anayamba kumwetulira, koma atayang'anitsitsa kumwetulirako kunazima. Mzinga wofiira unali utaima wokha pa mlatho, pamaso penipeni pa akasinja awo, wopanda woutchinga. Akasinja ofiira anali atandandalikana pamsewu. Ndipo msilikali wovulala amene Chikhumbo ankamuchiritsa m'tauni, wina anali atamutulutsa n'kumuponya pa kasinja. Anafera pomwepo.

"AnyaHara," anatero kwa akazi awo. "Uyu si Chikhumbo."

"Mukuti vichi? Si foni yake?"

"Foni ndi yake. Koma wasewerayu ndi wina. Mwana wathu sataya munthu wovulala."

Mayi Leah anawayang'ana, akadali chogwada. Palibe amene ananena zimene onse awiri ankaganiza, zoti foni ya msilikali imapezeka m'manja mwa mlendo mwiniwake akagona pansi osadzukanso. Mwina amene anaitola anali yemwe anamuwombera, ndipo tsopano anali atakhala penapake akuseweretsa zithunzi.

Pakona ya gemu panali kamalo kolemberana mawu, kamene a Nowa anali asanakagwiritsepo ntchito. Analemba ndi chala chimodzi, akulakwitsa n'kufufuta: "Ndinu ndani? Mwini foni ali kuti?" Ku shedi sanapite tsiku limenelo. Anakhala pakhonde, foni ili pabondo, mpaka dzuwa linapendeka. Mayi Leah anaphika, koma palibe anadya.

Yankho linafika m'mawa mwake, m'Chichewa. "Ndine Newton, mnzake. Ali moyo. Wavulala. Tiimba netiweki ikalola."

Mayi Leah analira mokweza. A Nowa sanakhulupirirebe. Aliyense akhoza kulemba kuti ndi Newton.

Foni inaimbidwa Lamulungu, akutuluka m'tchalitchi. Mawu ankaduladula. Newton anafotokoza kuti bomba linagwa pafupi ndi msasa wawo, ndipo zidutswa zake zinamulasa Chikhumbo paphewa ndi m'manja. Manja onse anali m'mabandeji. Kwa masiku onse aja kuimba kunkakanika, koma tsiku limene netiweki inabwera pang'ono, gemu yokha ndi imene inatseguka.

"Anandiuza kuti ndingosuntha chilichonse n'kudina batani la pansi, inu mudziwa kuti ali moyo. Ine gemuyi sindiidziwa, bambo."

"Ndinaona," a Nowa anatero. "Ndikufuna ndimumve."

Panamveka phokoso, kenaka kupuma kwa munthu.

"Adada."

A Nowa anatsamira khoma la tchalitchi. Anthu ankawadutsa ndi mabaibulo awo.

"Adada, mukundimva? Pepani. Sindinaganize kuti muzindikira."

"Ndimayesa wafa, mwana wanga. Ndimayesa foni yako aitola anthu." Mayi Leah anawalanda foni n'kuyamba kulankhula Chitumbuka chothamanga, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi.

Chikhumbo anabwerera ku Malawi pamodzi ndi ovulala ena, ndipo atatuluka m'chipatala anamupatsa tchuthi chachitali. Anafika ku Mzimba nthawi yokolola. Anali ataonda, zala ziwiri za dzanja lamanzere sizinkapindika, ndipo khutu limodzi linkamva movutikira. Za ku Congo sankanena, ndipo bambo ake sanamufunse. Gemu ija inangokhala momwemo m'foni. A Nowa anafunsa kamodzi ngati angaimalize, Chikhumbo anapukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina onse atatu anapita ku Manyamula kukathandiza alamu awo a Nowa, mchimwene wa mayi Leah, kukolola. Munda unali m'mphepete mwa msewu. Ali mkati mokolola, lole yonyamula mabelo a fodya inaphulika tayala. A Nowa anangodzidzimuka, koma atacheuka Chikhumbo sankaoneka. Anamupeza atagona chafufumimba pakati pa mizere, manja ali kumutu, thupi lonse likunjenjemera.

Alamu awo ndi ana awo anayamba kubwera kudzaona. A Nowa anawabweza ndi dzanja. Anagwada movutikira chifukwa cha msana, n'kukhala pansi pambali pa mwana wawo. Anaika dzanja pamsana pake.

"Ndi tayala, Chikhumbo. Lole ya fodya. Kuno ndi ku Manyamula, m'munda mwa asibweni ako."

Anabwereza mawuwo kangapo. Pang'onopang'ono kunjenjemera kunachepa. Chikhumbo anadzuka n'kukhala tsonga, dothi lili kumaso, osayang'ana aliyense.

"Andiona?" anafunsa.

"Akuona. Palibe kanthu."

Anakhala choncho kwa kanthawi, akumva dalaivala ndi anzake akukangana pamsewu za jeke. Kenaka Chikhumbo anapukuta kumaso ndi malaya, n'kupereka dzanja lamanja kuti adzutse bambo ake, ndipo anabwerera pa mzere umene anausiya.