Mlamu Wanga ndi Gule wa Achifwamba a Panyanja

Chimbale chimenecho ndinachigula mosadziwa. Nthawi imeneyo ndinali ndi holo ya vidiyo pafupi ndi doko ku Senga Bay, kanyumba ka bango kofolera malata akale, mabenchi a matabwa, ndi sipika imodzi panja yoitanira anthu. Makasitomala anga anali asodzi. Iwowa ntchito yawo ndi ya usiku, ndiye masana akagona pang'ono ankasowa kolowera, n'kubwera kwa ine kudzaona anthu akumenyana. Sankafuna zambiri. Pakhale mfuti, zibakera ndi galimoto yophulika, basi mitima yawo pansi.

Anandigulitsa ndi mayi wina wokonza zipinda pa loji. Mlendo anachiiwala m'chipinda ndipo sanabwerenso kudzachifunsa. Pachikuto panali chombo pakati pa mafunde, ndi mwamuna womanga mpango kumutu, lupanga lili m'manja. Chingerezi ndimawerenga ndithu, koma tsiku limenelo maso anga anathera pa lupangalo. Ndinalemba ndi choko pabolodi kuti lero kuli achifwamba a panyanja, osayamba ndachiyesa ndekha. Holo inadzaza mpaka ena kukhala pansi.

Chinayamba bwino: chombo, namondwe, mphezi. Anthu onse zii. Kenako kunatulukira amuna ovala zothina ngati khungu lawo lomwe, ndi akazi oyenda ndi nsonga za zala za kumapazi. Wolankhula panalibe. Tinadikira kuti akamaliza kuvinako ayamba kumenyana. Anamaliza, n'kuyamba kuvina kwina. Malupanga anasolola ndithu, koma ankangogundanitsa mwaulemu motsata nyimbo, magazi osatuluka ngakhale dontho.

"Asitaghafirula! Thalauza waiwala kuti ameneyu?" anafuula mkulu wina wa kofiya uku akudzuka.

"Aise, achifwamba ake ndi amenewa?" anatero wina kumbuyo.

Holo inakhuthuka. Ena anatukwana, ena anaseka mpaka kugwira nsanamira. Ndinawabwezera ndalama zawo pakhomo, manyazi atandigwira. Nditalowa kuti ndizimitse deki, ndinapeza munthu mmodzi akadali pabenchi yakutsogolo, zigongono zili pamaondo. Anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, mmodzi wa alovi, anyamata amene amakoka khoka la chilimira m'boti la eni ake.

"Alamu, musazimitse," anatero osanditembenukira. "Tamuonani uyu."

Pakanemapo panali mnyamata wa chifuwa pamtunda, thalauza lake labuluu, nthenga imodzi itaima pamutu. Anathamanga pang'ono n'kudumpha, ndipo kumwambako anakhala ngati waiwala zotsika. Anazungulira ali m'malere momwemo, n'kugwera pabondo limodzi, dzanja lili paphewa, mutu atawerama. Sanadzandire ngakhale pang'ono. Ine mkwiyo unali usanathe, koma ndinakhala pansi.

"Bwezani," anatero mlamu.

Ndinabweza. Titaonanso iye anati, "Musayang'ane miyendo, yang'anani mimba yake. Mwaona mmene akupumira? Munthuyu watheratu, koma sakufuna kuti tidziwe." Zinali zoona. Nkhope inali kumwetulira, koma nthiti zinali kukwera ndi kutsika ngati za munthu amene wangokoka khoka lodzaza. Kuyambira pamenepo gule ameneyu anatilowa m'magazi tonse awiri.

Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake kuti ndi baleyi. Nkhani yake tinachita kuilumikiza tokha, poti palibe amene amatsegula pakamwa. Mkulu wa achifwamba akonda mtsikana. Mtsikanayo agulitsidwa pamsika kwa nkhalamba yolemera ya chimimba. Achifwamba amuba, anzawo ena awaukira, ndipo pamapeto chombo chisweka. Za pamsikazo sizinkandisangalatsa. Kunyanja kuno kugulitsa munthu si nthano, makolo athu anaziona, ndiye kumva azungu a muholo ya kwawoko akuwomba m'manja pamene mtsikana akumuika pamtengo kunkandiwawa. Mnyamata wa nthenga uja nayenso anali kapolo. Koma akangotulukira, ndinkaiwala madandaulo onsewo, ndipo sindibisa.

Mlamu ankabwera m'mawa akangotsika m'boti, asanakagone, mamba a usipa akadali m'mikono. Ndinkatseka chitseko, kuchepetsa mawu a sipika, ife n'kukhala pabenchi ndi tiyi wathu. Iye ankanyoza chombocho. Ankati mafunde ansalu amenewo sangamize ndi lichero lomwe, ndipo achifwamba oterowo atakumana ndi mwera wa kuno akhoza kuitana amayi awo. Koma ovinawo sankawanyoza. Tinkakangana ngati anthu a mpira. Ine ndinali wa mayi wamkulu wa guleyo, amene ankazungulira pa mwendo umodzi, winawo akuukwapula m'mbali, kuzungulira osaleka mpaka ine woonera kumva chizungulire, iye n'kuima nji pomwe anayambira. Mlamu anali wa mnyamata wa nthenga.

"Wanuyo amachita kumugwirira m'chiuno," ankatero. "Wanga akadumpha amugwira ndani?"

"Alamu, inu mukhoza kuima ndi chala chimodzi? Ndi mapazi awiri omwe mumagwa mukalawa kachasu."

Tinkadziwa pamene mkulu wa achifwamba amanjenjemera mkono akanyamula mayiyo pamwamba pa mutu. Tinkadziwa kamtsikana ka mzere wakumbuyo, m'chigawo cha munda wa maluwa, kamene kankachedwa pang'ono kukweza nkhata yake, ndipo tinkakakonda chifukwa cha kuchedwako. Ndakhala ndi anzanga ambiri pamoyo wanga, a bawo, a mpira, a kutchalitchi. Koma munthu woti ndikati "taonani phazi ilo" iye n'kukhala ataliona kale, anali yekhayu.

Padoko palibe chobisika. Amuna awiri kudzitsekera m'holo m'mawa, nyimbo zachilendo zikulira chapansipansi, anthu anafuna kudziwa. Wina anasuzumira pabango. Pasanapite nthawi, ndikamadutsa pamsika anyamata ankanyamuka n'kumayenda ndi zala, manja ali m'mwamba. Ine sizinkandikhudza kwenikweni. Holo inali yanga, ndipo madzulo anyamata omwewo ankabwera okha kudzaona zibakera zawo. Ndinkaganiza kuti mlamunso akungozitaya. Nditamufunsa anati pakamwa pa anthu sungapatseke, n'kundiuza kuti ndibweze pomwe mnyamata uja amalowera.

Mvula itatha, nyengo yotsegulira Mbenji inayandikira. Pachilumba chimenecho asodzi amakhalako miyezi, amuna okhaokha, chifukwa akazi saloledwa. Mwini boti amasankha yekha anthu opita nawo, ndipo wotsala amakhala wataya chakudya cha chaka. Apa m'pamene nthabwala zija zinamera mano. Alovi anzake anayamba kufunsana mokweza kuti ndani adzagone khumbi limodzi ndi munthu wokonda kuonerera amuna anzake atavala zothina. Mwini boti anali munthu wosafuna phokoso pakati pa anyamata ake. Mkazi wanga anandiuza kuti dzina la mchimwene wake likukayikitsa.

Tsiku lina ndinapita kudoko m'mawa kukagula usipa. Anthu anali ambiri pamathandala, amayi akuyanika nsomba, alovi akusoka khoka pamchenga, mwini boti atakhala pachigubu. Mlamu anali pakati pawo. Atandiona, mnyamata wina anakuwa kuti, "Eee, akubwera amuna anu aja!" Onse anaseka. Ine ndinayang'ana mlamu kuti tisekere limodzi monga mwa masiku onse, koma iye anayang'ana kumbali.

"Inu simudziwa," anatero mokweza. "Odwala ndi alamu angawa. Ine ndimangopitako kukawaseka. Akamaonera amachita kulengeza misozi, ndiye ine ndisaseke?"

"Bodza! Umaonera nawo!"

"Ndikuonetseni zimene amalirira akuluwa?"

Anavula malaya. Anatola nthenga ya nkhuku pamchenga n'kuisomeka m'tsitsi. Anayamba ndi kugwedeza matako ndi kuphethira maso monyada, anthu n'kufa nazo. Kenako anabwerera m'mbuyo kufika pamchenga wonyowa, pamene pamakhala polimba. Anaimika msana, nakweza chibwano. Ine ndinazindikira kaimidwe kameneko.

Anathamanga n'kudumpha. Munthu wa miyendo yokhakhala ndi zingwe za khoka, wa zidendene zong'aluka, anakwera m'mwamba mwendo wina atautambasula mpaka kuchala, nazungulira, n'kugwera pabondo limodzi, dzanja paphewa, mutu pansi. Sanadzandire. Sindikunena kuti anafanana ndi wa pakanema uja, ayi, mchenga si thabwa ndipo iye sanapite kusukulu ya zimenezi. Koma zinthu zimenezo munthu sangazichite mwangozi. Mkono umene uja, kutembenuza mutu kumene kuja, anachita kuphunzira. Kwinakwake, kaya kuseri kwa miyala kaya kuti, mlamu wanga ankadumpha yekhayekha, kugwa, kudzuka, kuyesanso, osandiuza. Nthiti zake zinali kukwera ndi kutsika.

Padoko panali chikhakhali chokhachokha. Amayi anasiya usipa n'kumalulutira. Mwini boti anaseka mpaka kutsetsereka pachigubu, akupukuta misozi. Mlamu anadzuka, nandiloza ndi nthenga ija, nati, "Ombani m'manja, alamu, si zimene mumakonda?"

Sindinaombe. Usipanso sindinagule. M'moyo wanga wonse, baleyi amene ndinamuona ndi maso anga, munthu wamoyo akuvina patsogolo panga, ndi ameneyo basi, ndipo anavinidwa pofuna kundinyoza.

Ku Mbenji anamutenga. Ndinamva kuti kumeneko anasanduka wosangalatsa anthu, mwera ukawatsekera pamtunda ankamuuza kuti achite za alamu ake zija, iye n'kuchita.

Mkazi wanga sanafune kumva madandaulo anga. "Mumafuna atani?" anandifunsa. "Ana ake adye gule? Inu muli ndi holo, iye ali ndi manja okha." Mpaka lero ndimadziwa kuti ankanena zoona. Akanandikana ndi pakamwa pokha, akanati sandidziwa, akanati ndine wamisala, ndikanamumvetsa, mwinanso ndikanamuthandiza kunamako. Chimene chinandipweteka n'chakuti anali ndi chinthu chokongola chotero m'thupi mwake, ine wokhala naye benchi imodzi osandionetsa ngakhale kamodzi, n'kukachipereka kwa anthu oti achiseke.

Anabwerera mvula itayamba, chilumba atachitseka. Anafika kuholo m'mawa, nthawi yathu yomwe ija, atanyamula utaka wouma m'kathumba. Anali atada ndi dzuwa ndiponso ataonda. Anapereka moni, nafunsa za ana, nakhala pabenchi yakutsogolo ngati anachokapo dzulo.

"Alamu," anatero chapansipansi, "tatiikiraniko anthu athu aja. Ndawasowa."

Ndinamuyang'ana. Ndinkayembekeza kuti anenapo kanthu za padoko paja, ngakhale mwanthabwala, poti pachilamu zambiri zimathera m'nthabwala. Sananene.

"Chimbale chija kulibe," ndinatero. "Ndinapatsa achemwali a ku Chinguluwe. Anachimangirira pachingwe m'munda wa mpunga, chikuingitsa mbalame."

Chinali m'katoni pansi pa tebulo, pafupi ndi phazi lake. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nakhala kanthawi akuyang'ana kanema wozima. Kenako anati akagone, nasiya utaka uja pabenchi. Sanafunsenso, ndipo ine sindinamuitanenso. Timakumana pamaliro ndi pazinkhoswe, timapatsana moni bwinobwino, timakamba za mitengo ya mafuta ndi kuchepa kwa nsomba.

Holo ndinatseka kalekale, mafoni atalanda makasitomala. Masiku ano ndimatchaja mafoni a anthu pakashopu, ndipo pafoni yanga ndinapeza kuti gule uja amavinidwa m'mayiko ambiri, ndi ovina osiyanasiyana, ena oposa a pachimbale changa. Ndimaonera ndekha pakakhala palibe kasitomala. Mayi wozungulira pa mwendo umodzi ndimamuonabe mpaka kumapeto, ndipo ndimamuombera m'manja mumtima. Koma nyimbo ikasintha, mnyamata wa nthenga n'kubwerera m'mbuyo kuti athamange, sindimuonanso iyeyo. Ndimaona mchenga wonyowa, ndimamva anthu akuseka. Pamenepo ndimadumphitsa ndi chala, n'kupitiriza patsogolo.